Apongozi a Msiyamasiye

Ufumu wa Mpandawanga suvuta kuupeza. Mukayenda n'kufika pamene mbuzi zikudyera pakati pa msewu chifukwa uku kuli waya waminga, ukunso kuli waya waminga, dziwani kuti mwafika. Nthaka yake ndi yachonde zedi, moti ndodo yoiwalika m'munda imaphuka. Chovuta n'chakuti ndodoyo ikaphuka, imapezeka kuti yaphukira m'munda wa Bwana Chimezaminda.

Sizinayambe chonchi. Kale pa Phiri la Bisalani pankakhala achifwamba, achifwamba wamba ogwira ntchito yawo mosabisa. Ankatsika, kulanda mbuzi, nsalu ndi mchere, n'kubwerera kumapanga kwawo, ndipo aliyense ankawatchula dzina lawo lenileni. Agogo ake a Chimezaminda atatopa ndi kuberedwa ng'ombe, anakwera phirilo atanyamula ng'ombe yowotcha kale, nafunsa kuti, "Bwanji zanga muzidya mutakhala pansi, koma zoba muziba za ena?" Achifwamba anaona kuti mkuluyu wayankhula zanzeru. Mfumu ya nthawi imeneyo, Tsinzinani Woyamba, inalamula kuti mawu akuti chifwamba ndi achipongwe, ndipo kuyambira tsikulo anthuwa azitchedwa Alangizi a Malire.

Ntchito ya ulangizi inali yosavuta. Alangizi ankafika pamudzi atanyamula mfuti za gogodera, zija zothira wonga kukamwa, n'kulangiza eni mudzi kuti malire asuntha ndipo nyumba zawo zalowerera m'munda wa bwana. Anthu ankalandira malangizowo ali pa liwiro, mphasa ili pamutu. Unapita chonchi mudzi wa Tidzabwera, unapita wa Musatiiwale, unapita wa Tinalipo. Patatha mibadwo itatu ya ulangizi, m'chigwa chonse munatsala kamudzi kamodzi kotchedwa Katsala, ndipo chimene chinkadyetsa kamudziko chinali dimba la anyezi la a Nazimbiri, m'mphepete mwa kasupe wosaphwa.

A Nazimbiri anali mayi wamfupi, wa miyendo yamatewe, wolankhula ngati akugulitsa ngakhale pamaliro. Anabereka ana aakazi asanu, ang'ono awo awiri anaberekanso aakazi okhaokha, ndipo onsewo anawalera ndi anyezi. Dimbalo likanapita, mudzi wa Katsala ukanasanduka dzina lina lotchulidwa pamsika ndi anthu ogona m'makonde a masitolo.

Tsiku lina Bwana Chimezaminda anadwala. Ankati akakhala pakhonde la nyumba yake yapachitunda n'kuyang'ana kummawa, ankaona fodya wake, mtima n'kukhala m'malo. Akayang'ana kumadzulo, fodya wakenso. Koma akangoponya maso kumunsi, ankaona kachidutswa kobiriwira kosakhala kake, ndipo pomwepo chifuwa chinkathina, chakudya n'kukanika kutsika. Dokotala wa banjalo anamupima lilime ndi m'maso, nanena kuti matendawa ndi a kumtundu, mankhwala ake ndi amodzi okha.

Bwana anaitanitsa mkulu wa Alangizi, munthu amene ufumu wonse unkamutcha Msiyamasiye. Anali wamtali, wa magalasi akuda, wa jombo zolira, ndipo pachipewa pake panali chikopa chimene iye ankati n'cha nyalugwe, ngakhale mphaka wa kukhitchini kwa bwana anasowa chaka chomwe chipewacho chinaoneka. Akadutsa pamsika, ngakhale nkhuku zogulitsa zinkasiya kulira.

"Ukukaona kobiriwirako?" anafunsa bwana, akuloza ndi fupa la nkhuku.

Msiyamasiye anayang'ana, navula magalasi, nawapukuta, nawavalanso.

"Ndikukaona, bwana. Koma n'kakang'onotu. Mwina tikasiye kakule kaye."

"Dimba limakula? Mawa dzuwa likamafika pamutu ndimve kuti malire asuntha."

"Bwana, kumeneko kuli udzudzu."

"Iwe, unathamangitsa mudzi wa Tinalipo ndi mfuti yopanda wonga. Lero ukuopa udzudzu?"

Panali chinthu chimene bwana sankadziwa, popeza mabwana sadziwa kumene antchito awo amagona. Msiyamasiye dzina lake la ubatizo anali Binisoni, ndipo Binisoniyo anakwatira Elube, mwana woyamba wa a Nazimbiri, nabereka naye mwana wamkazi dzina lake Miliya. Tsono ku Mpandawanga malamulo onse amapindika, la msonkho limapindika, la malire ndiye losachita kunena, koma lilipo limodzi limene silinapindikepo: mkamwini saonana maso ndi maso ndi apongozi ake aakazi. Akakumana nawo panjira amapatukira kutchire, akasowa kopatukira amafulatira. Palibe mfumu inalemba lamuloli, mwina n'chifukwa chake limagwira ntchito.

M'mawa mwake Alangizi khumi ndi awiri anatsetsereka pamzere umodzi kulowera kudimba, Msiyamasiye ali patsogolo akupemphera chamumtima kuti apongozi akhale atapita kumaliro. Pemphero la munthu wotere silikwera msanga. Atangokhota pa chulu, anaona dengu la anyezi likubwera, ndipo pansi pa dengulo panali a Nazimbiri.

Mkulu wa Alangizi sanaganize n'komwe. Miyendo inaganiza yokha, n'kumuponya m'tchire la kumanja. Anyamata ake, amene anaphunzitsidwa kuchita chilichonse chimene mkulu wachita, analumphira momwemo mmodzimmodzi, mfuti zili m'mwamba. Tchirelo linali la chitedze chokhwima bwino.

A Nazimbiri anadutsa osatembenuka. Anangoima pang'ono pafupi ndi chulu, n'kuchiuza chulucho kuti, "Chulu iwe, ukawaona bambo a Miliya uwauze kuti denga la khitchini likudontha."

M'tchire munamveka mawu aulemu, otuluka m'mano olumana, akuti, "Chulu, uwauze kuti tamva."

Masana a tsikulo Alangizi anadutsa pamsika wa Ndamvakale akudzikanda ndi mipope ya mfuti. A Sandifolo, ometa tsitsi pansi pa mtengo wa mkuyu, anaimitsa lumo pakati pa mutu wa munthu.

"Kodi akuluakulu, kumeneku n'kuguba kwatsopano?"

"Tinakumana ndi adani ambiri," anatero wachiwiri kwa Msiyamasiye, dzina lake Thyolakhosi, akukhuza msana pa mtengo.

"Ambiri zedi," anavomereza a Sandifolo. "Ndawaona akudutsa pompano. Anali m'dengu."

Msika wonse unaseka chogwira pakamwa, poti mfuti ndi mfuti ngakhale mwini wake akudzikanda. Amene sanaseke ndi a Nankwenya okha, mayi wogulitsa nkhuni kumapeto kwa msika. Iwo anali a ku Tinalipo, ndipo chichokereni kumeneko ankati akaona jombo, amayang'ana pansi mpaka zitadutsa.

Bwana atamva zoona zake za nkhaniyi anakhala kukamwa yasa. Kenaka anati palibe vuto, apite Thyolakhosi. Thyolakhosi anakanda m'khosi nanena kuti iye anakwatira Fanesi, mng'ono wake wa Elube. Bwana analoza wachitatu. Wachitatuyo anakwatira mwana wa mng'ono wawo wa a Nazimbiri, ndipo mng'ono wa apongozi ndi mkulu wa apongozi onse ndi apongozi. Bwana anayenda ndi chala mzere wonse. Asanu ndi atatu anali akamwini a ku Katsala. Atatu anali atatumiza kale ankhoswe. Wotsiriza, amene aliyense ankamuyesa mbeta, anagwetsa nkhope n'kunena kuti nkhani zake zili mkati.

"Dziko lonseli, inu nonse kukakwatira mudzi umodzi?" anakalipa bwana. "Midzi ina simunaione?"

"Tinaiona, bwana," anayankha Msiyamasiye mwaulemu. "Tinaithamangitsa."

Nkhani inafika kubwalo la mfumu, ku likulu la Pakamwa. Mfumu Tsinzinani Wachitatu inkaweruza milandu itatsinzina ngati makolo ake, ndipo inkati kutero kumaithandiza kumva mbali zonse ziwiri, ngakhale kubwaloko kunkabwera mbali imodzi. Chimezaminda anakhala pa mpando wa khushoni umene anabwera nawo yekha, popeza ndiye anagula mipando yonse ya m'bwalomo ndipo ankadziwa kuuma kwake.

"Chitukuko chaima," anatero bwana. "Chaimitsidwa ndi mayi mmodzi ndi dengu."

Nduna zinagwedeza mitu mwachisoni. Nduna ya Zankhondo inapempha kuti Alangizi amangidwe nsalu kumaso kuti asawaone apongoziwo. Anayesa pomwepo ndi Thyolakhosi, ndipo iye anakalangiza malire kwa mzati wa bwalo mpaka kutuluka chotupa pamphumi. Nduna ya Chilungamo inati njira yachidule n'kulengeza kuti a Nazimbiri ndi mwamuna, koma mlembi anakumbutsa bwalo kuti munthu akakhala mwamuna amayenera kuitanidwa kudzayankhula, ndipo ganizolo linafera pomwepo. Nduna ya Mabanja inati maukwati onsewo angothetsedwa.

"Chabwino," anatero Msiyamasiye ali chogwada. "Koma akamuuze Elube ndani?"

Nduna ya Mabanja inayamba kufunafuna chinthu m'thumba la jekete.

Pamapeto pake anaimirira a Vomerani, Nduna ya Malire, Miyambo ndi Zina Zotero, munthu amene anakalamba osatsutsapo kanthu.

"Mfumu yanga, inu amene mumaona mutatsinzina, vuto si dimba. Vuto si mayiyu. Vuto ndi upongozi. Upongozi ukudya nthawi ya boma. Ndikupempha kuti upongozi uthetsedwe."

Apa chinachitika chinthu chimene akuluakulu a ku Pakamwa amasimbabe: mfumu inatsegula diso limodzi. Kwa zaka zisanu ndi zinayi inali ikulowa m'nyumba yake yachifumu kudzera kukhomo la kukhitchini, chifukwa mayi ake a mfumukazi anabwera kudzaona mwana wobadwa kumene n'kukhazikika pakhonde lakumaso, pamene ankasenda mtedza kuyambira m'mawa mpaka madzulo. Mwana anabwera kudzamuonayo anali atayamba kale sukulu.

"Zingatheke zimenezo?" inafunsa mfumu.

Anakambirana mpaka dzuwa kupendeka. Kuthetseratu kunakanika, popeza nduna zambiri zinkadya nkhomaliro kwa apongozi. Anagwirizana zogawa tsiku, ndipo lamulo linalembedwa motere: Kuyambira lero, mu Ufumu wa Mpandawanga mulibe apongozi kuyambira hafu seveni m'mawa mpaka thwelofu koloko masana. Pa nthawi imeneyi mayi aliyense amene anali apongozi adzakhala munthu wamba, woyang'anika. Upongozi udzayambiranso pa nkhomaliro. Loweruka ndi Lamulungu upongozi ndi wa tsiku lonse.

Lamulo litawerengedwa pamsika, amuna anaponya zipewa m'mwamba. Wogulitsa usipa wina analumbira kuti mawa lomwe akawayang'ana apongozi ake mpaka adziwe ngati ali ndi mano.

"Upite ndi wotchi yabwino," anamulangiza a Sandifolo. "Ikangotsalira ndi mphindi zisanu, ukwati watha."

"Nanga ife opanda wotchi?" anafunsa wina.

"Inu muziyang'ana ndi diso limodzi, linalo lili padzuwa."

Mfumu inafuna kupereka chitsanzo. Mawa lake, teni koloko yeniyeni, inavala mkanjo wake n'kulunjika kukhomo lakumaso, nduna zikuimba m'manja pambuyo. Apongozi a mfumu anakweza mutu kuchoka pa lichero la mtedza. Zimene zinachitika kenaka palibe anaziona bwino, koma mfumu inapezeka ili chigonere m'maluwa a m'mbali mwa khonde, ndipo a Vomerani analengeza kuti mwini dziko akuyendera ulimi wa maluwa.

Chimezaminda sanamve za maluwazo, kapena anamva koma sanafune kuphunzirapo. Iye anali ndi nzeru zake. Anatuma antchito kukasenga chitedze chonse, ndipo anamangitsa waya waminga wa mizere isanu ndi umodzi mbali zonse ziwiri za njira, kuchokera pamsika mpaka pakhomo la dimba, kuti pasapezeke Mlangizi wopatukiranso kutchire. Njirayo inatsala yopapatiza, yoti anthu awiri sangapambanemo osapemphana. Ndipo Lachinayi, naini koloko, upongozi uli wotsekedwa mwalamulo, bwana anatsika yekha kukaonerera kuchira kwake. Anavala suti yoyera ndi nsapato zoyera, pepala la lamulo lili m'manja, ndipo anayenda pamalo pamene mabwana onse a m'banja lake akhala akuyenda chiyambire, kumbuyo kwa mfuti.

Alangizi anaima pamzere pakhomo la dimba, mfuti zitaloza kutsogolo. Yunifomu anali nayo imodziimodzi, ndipo chitedze chinali chisanatheretu m'misoko. Msiyamasiye thukuta linali kamukamu. Kunena zoona munthuyu ankamvetsa chisoni, ngakhale chisoni chake n'chosayenera kuchitaya pa munthu wotere. Kumbuyo kunali bwana amene ankamudyetsa, kutsogolo kunali dimba limene linkadyetsa mwana wake Miliya.

"Nazimbiri!" anakuwa bwana ali kumbuyoko. "Tuluka umve malangizo!"

Masamba a nthochi anagwedezeka. Kunatuluka dengu, ndipo pansi pa dengu panali a Nazimbiri, atamanga chitenje cha kumsika.

"Lamulo likuti si apongozi!" anakuwanso bwana, akugwedeza pepala. "Ndi munthu wamba mpaka thwelofu! Muyang'aneni!"

Msiyamasiye anayesa, Mulungu ndi mboni. Anakweza maso kufika pa zala za kumapazi, zokhala ndi matope a m'dimba. Anawakweza kufika pa mpendero wa chitenje. Pamenepo khosi linakana. Anayang'ana kumanja, waya. Anayang'ana kumanzere, waya. Ndiye anachita chimene mkamwini aliyense woleredwa amachita akasowa tchire: anatembenuka n'kufulatira. Anyamata ake khumi ndi mmodzi anatembenuka naye kamodzin'kamodzi, jombo zikulira bwino kuposa pa perete ya mfumu.

Bwana Chimezaminda anapezeka akuyang'anizana ndi mfuti khumi ndi ziwiri.

Mibadwo itatu banja lake linali likudyetsa mfuti zimenezi, koma palibe wa m'banjamo anaziwonapo kuchokera mbali imeneyi. Iye ankadziwa mbali ya thabwa, yosalala, yopakidwa mafuta. Sankadziwa kuti kutsogolo kuli bowo, lakuda, ndiponso kuti bowolo limayang'ana munthu ngati likumudziwa.

"Tembenukani," anatero ndi mawu aang'ono.

"Sitingathe, bwana," anayankha Msiyamasiye. "Kuli apongozi."

"Tsitsani mfutizo, tsono!"

"Munatiphunzitsa nokha, bwana, kuti pa ntchito mfuti sitsika mpaka malire atasuntha."

Thyolakhosi anayamba kuyendetsa phewa, chala chili pa kachitsulo kowombera.

"Iwe, usakande!" analira bwana. "Chonde, mwana wa mayi, usakande!"

A Nazimbiri anakonza nkhata pamutu. Sanakweze mawu. Anatembenukira kwa nthochi imene inali pakhomo la dimba nati, "Nthochi iwe, ine za mapepala sindidziwa. Ine ndikudziwa kuti lero ndi Lachinayi, ndipo anyezi akafika mochedwa pamsika amagulidwa ngati masamba. Uwauze bambo a Miliya kuti ine ndikudutsa."

"Nthochi," anatero Msiyamasiye akuyang'ana bwana m'maso, "uwauze kuti njira yachepa."

"Nthochi, uwauze kuti sindinaichepetse ndine."

Ndipo anaponya phazi.

Mkamwini sangaime chilili apongozi akumuyandikira kumsana. Msiyamasiye atamva mapazi kumbuyo kwake, anasuntha. Kusuntha kwake kunakankha Thyolakhosi, Thyolakhosi anakankha wotsatira, mzere wonse unayamba kuyenda, mfuti zili patsogolo. Bwana anabwerera chambuyo masitepe atatu, nsapato yoyera inatsalira m'matope, ndipo anatembenuka n'kuyamba chinthu chimene anali asanachitepo chibadwire, kuthamanga. Anayesa kupatuka, waya wake womwe unamubweza, utatengako thumba la jekete ngati msonkho.

A Nazimbiri sankathamanga. Ankayenda mayendedwe awo a masiku onse, a munthu wosenza dengu, koma sankaima. Akatsokomola, Alangizi ankawonjezera liwiro. Alangizi akawonjezera liwiro, bwana ankaitana amayi ake amene anamwalira kalekale. Pa chulu paja a Nazimbiri anakumbutsa chulu za denga la khitchini, ndipo Msiyamasiye, ali wefuwefu, analonjeza chulucho kuti Loweruka abwera ndi udzu.

Anthu a pamsika wa Ndamvakale anaona zinthu zikutuluka m'njira ya waya motsatana chonchi: poyamba Bwana Chimezaminda, nsapato imodzi, suti ya mtundu wa dothi, kenaka Alangizi a Malire khumi ndi awiri, mfuti zili chilozere kumsana kwa bwana wawo, nkhope zaulemu ngati akuperekeza maliro, pambuyo penipeni dengu la anyezi.

"Abale," anatero a Sandifolo, lumo lili m'mwamba, "ndakhala zaka makumi anayi pamsika uno. Lero ndiye ndaona malire akusuntha chobwerera."

Njira itafika poyera, Alangizi anabalalika n'kukabisala kuseri kwa matumba a makala. A Nazimbiri anatula dengu pamalo pawo, nayala chiguduli, nayamba kuunjika anyezi atatuatatu. Bwana yekha ndiye sanadziwe kuti zatha. Anapyola msika, anapyola sitolo, anakwera chitunda, ndipo akuti anakaima atagunda chitseko cha kuchipinda kwake. Sabata yomweyo anaitana amisiri kudzamanga khoma mbali ya kumunsi ya khonde. Kobiriwira kaja sikanaonekenso, chifuwa chinamasuka, ndipo dokotala analandira mbuzi chifukwa cha luso lake.

Kubwalo la ku Pakamwa nkhaniyi inavuta kuilemba. Kunena kuti Alangizi anaukira bwana sikunatheke, chifukwa palibe anawomba. Kunena kuti mayi wa anyezi anagonjetsa asilikali a ufumu kunali kochititsa manyazi. A Vomerani ndiwo anapulumutsa dziko. Anatenga mapu a ufumu, nanyowetsa chala ndi malovu, nafufuta kadontho kobiriwira kaja.

"Mfumu yanga, dimba limeneli kulibe. Silinakhalepo. Ndipo chinthu chimene kulibe, palibe angalephere kuchilanda."

Mfumu inavomera itatsinzina maso onse awiri, ndipo inatuluka kudzera kukhitchini. Bwalo linagwirizananso kuti ufumu uitanitse Alangizi atsopano ochokera kutsidya kwa mapiri, anthu osakwatira, opanda ankhoswe, ndipo ngati n'kotheka opanda maganizo. Uthenga utafika pamsika, a Sandifolo anangofunsa kuti, "Osakwatirawo akafika adzakwatira kuti? Mudzi watsala umodzi."

Choncho dimba limene kulibe linapitiriza kubereka anyezi amene analipo. Loweruka denga la khitchini linafoleredwa ndi munthu wa magalasi akuda, amene anagwira ntchito yonse atafulatira khomo, ndipo anapeza mbale ya mbatata itasiyidwa pa mtondo popanda wonena kuti yachokera kuti.

Lachinayi lotsatira msika unali usanatope nayo nkhaniyi. Wogulitsa usipa ankayesezera kathamangidwe ka bwana, wina ankayesezera Thyolakhosi akulimbana ndi phewa lake, ndipo amayi a tomato ankagwa chagada ndi phwete. A Nazimbiri ankangoti, "Ine ndinkangopita kumsika," anthu n'kuyambiranso kuseka.

Pakati pa phokosolo anafika a Nankwenya, mayi wa nkhuni uja, kudzagula anyezi mmodzi. Anasankha wamng'ono kwambiri. Anaima pang'ono akumuzunguza m'manja, kenaka anayankhula, osati mwaukali, koma ngati munthu amene wakhala akuwerengera chinthu sabata yathunthu ndipo wapeza yankho.

"Kwathu ku Tinalipo kunalinso kasupe. Dimba langa linali lalikulu kuposa lanu, a Nazimbiri. Anabwera anthu omwewa, mfuti zomwezi, ndipo anandiyang'ana m'maso bwinobwino." Anaika anyezi m'chitenje. "Ine ndinabereka amuna okhaokha."

Kuseka kunazima. A Sandifolo anayang'ana lumo lawo. Wogulitsa usipa, amene anali ataima mwendo umodzi kuyesezera nsapato yotayika, anautsitsa mwendowo pang'onopang'ono. Kunena mosabisa, manyazi anagwira msika wonse, pakuti aliyense anali akusekerera kuti m'dziko lawo chilungamo chilipo, osaona kuti chimafika kwa munthu pokhapokha chitakwatira mwana wake.

A Nazimbiri anayamba kubwezera anyezi m'dengu, msika usanathe.

"Amwali, ku Tinalipo njira yake ndi iti?"

"Ndi ija yodutsa kuseri kwa chigayo. Koma pano ili ndi waya mbali zonse."

"Mbali zonse?" anafunsa a Nazimbiri, maso akuwala. "Mpaka kukafika?"

"Mpaka pa kasupe."

A Nazimbiri anaimirira, namanga chitenje mfundo ziwiri. Kuseri kwa matumba a makala kunkaoneka nsonga ya chipewa cha chikopa cha mphaka, pamene mwini wake anabisala chiwaonereni apongozi akulowa mumsika. Mayiyo anayang'ana mtengo wa mkuyu wa a Sandifolo, nakweza mawu kuti ngakhale makala amve.

"Mkuyu iwe, uwauze bambo a Miliya kuti mawa m'mawa ndikuperekeza anzangawa kwawo. Uwauze abwere ndi anzawo onse, adzayambe ndiwo kulowa m'njiramo. A Nankwenya, inu mubwere ndi khasu."